Lipoti la Chimanga Chomera

Lolemba

Ndakana. Ndikulemba pano kuti ndisadzaiwale kuti ndakana, pamaso pa a Bwana, iwo tiyi ali m'manja.

Nkhani yake ndi iyi. Chimanga chathandizo chopita ku Chikweo chinafika chitanyowa, china chitamerera m'matumba momwemo, mizu kutulukira kunja ngati ndevu. Ofesi yathu inafufuza, lipoti linalembedwa, ndinalitayipa ndine, ndipo likugona m'kabati. Tsopano amayi a ku Chikweo, patsogolo pali Abiti Jafali wogulitsa matemba, apempha kuti alione. Akuti akalipeza apita nalo kwa amene anatumiza chimangacho kuti awapatse china. Lamulo likuwalola. Woyankha mapempho otere muofesi muno ndi ine. Anandisankha tsiku limene ndinali kumaliro.

A Bwana sakukana. A Bwana chiyambire sanakanepo chinthu, amangochikhalira. Akuti, "Lamulo lomwelo likuti tiyambe tafunsa anthu otchulidwa m'lipotimo. Alembereni makalata, mayi, tidikire." Akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Kalata yopita kwa Kawinga mvula ili chonchi? Yankho lake lidzatipeza tikukolola chimanga cha chaka chamawa!

Ndati iyayi. Ndipita ndekha, khomo ndi khomo, ndikawafunse ndi pakamwa pangapa. Lachisanu ndidzakhala nditabwera ndi mayankho, Loweruka Abiti Jafali lipoti lili m'manja. A Bwana akuti njinga yamoto ya ofesi ilibe mafuta. Ndati miyendo yanga simwa mafuta.

Zimene lipoti likunena, mwachidule: lole inanyamuka ku Balaka, m'malo molunjika ku Chikweo inapatukira kwa Kalembo kukatsitsa simenti "panyumba ya mayi wina". Mitambo itada, anachotsa lona pachimanga n'kuvindikira simentiyo. Mvula inagwa. Kenako lole inakatitimira m'matope kwa Kawinga mpaka ng'ombe zinachita kuikoka.

Ofunika kufunsidwa ndi atatu basi:
a Matope, eni lole, ku Balaka;
Che Bwanali, dalaivala, kwa Kalembo;
a Namakhwa, mkulu wa mpingo, eni ng'ombe, kwa Kawinga.

Atatu! Ana anga ndinalera ochuluka kuposa pamenepo.

Zotenga: lipoti mupulasitiki, ambulera, nsapato zakuda zija zolimba, chinangwa chophika, mankhwala a mutu. Chinangwacho ndikuchibisa pansi penipeni pa chikwama. Masiku ano ukatulutsa chakudya mu minibasi maso onse amakutsatira mpaka pakhosi.

Lachiwiri

Balaka. Mpanda wa njerwa, agalu awiri onenepa. Chaka chino galu wonenepa! Ndawayang'ana nthawi yaitali.

A Matope ndi munthu wa ulemu. Mpando wa khushoni, chakumwa chozizira, "Khalani omasuka, mayi, pano ndi panu." Ndikuwafotokozera kuti pali anthu apempha lipoti, dzina lawo lilimo, ndiye ndabwera kudzamva maganizo awo. Akuti palibe vuto ngakhale pang'ono, iwo ndi munthu wosabisa kanthu, angofuna amve kuti m'menemo mwalembedwa zotani.

Ndi ufulu wawo. Munthu sungamufunse kuti avomere chinthu chimene sanachimve. Ndiye ndikuwerenga, ndi mawu anga a kukwaya aja, omveka mpaka kumpanda. Ndafika poti simenti, kwa Kalembo, panyumba ya mayi wina.

Katani ya kukhitchini yagwedezeka.

Mayi Matope atulukira, mpeni wosendera mbatata udakali m'manja. Akuti, "Bwerezani pamenepo."

Ine ndinatayipa lipoti limeneli ndi zala zanga. Ndinakonza kalembedwe ka mawu akuti simenti kawiri konse. Koma sindinadzifunsepo kuti mayi winayo ndi ndani, ndipo simenti ya a Matope ikukatani kwawo. Ine kusukulu ndinkapambana, koma apa ndiye ayi.

A Matope asintha maganizo. Akuti lipotilo lili ndi zinsinsi za bizinesi, akukana, ndipo ndiwabwezere botolo. Mayi Matope akuti, "Bizinesi yake iti? Loleyo ili m'dzina langa, inagulidwa ndi ng'ombe za malume anga. Tulutsani! Kaikeni pa wailesi! Mukafuna ndikawerenga ndine!"

Ndiye ndalemba: eni lole oyamba akana. Eni lole achiwiri avomera, mokuwa. Eni lole enieni mwina ndi malume, ali ku Utale, samva khutu limodzi.

Mayi Matope andiperekeza mpaka pamsewu. Akufuna dzina la mayi wa kwa Kalembo. Ndati m'lipoti mulibe, ndipo likanakhalamo sindikanawapatsa, ndine wantchito wosunga lamulo. Akuti, "Musavutike, kwa Kalembo chaka chino omanga ndi simenti ndi angati?"

Sindikubwerera m'mbuyo. Munthu mmodzi wasanduka atatu, chabwino. Nyemba nazo zimatupa ukaziviika, koma zimapsa ndithu.

A Bwana aimba foni kufunsa mmene zikuyendera. Ndati bwino kwambiri!

Lachitatu

Kwa Kalembo. Kutsika minibasi, kukwera kabaza, kutsika kabaza chifukwa cha matope, kuyenda wapansi kabaza akundikankhira njinga pambali, koma ndalama yake yomweyo.

Cholakwa changa: chikwama ndi pepala. Munthu wa chikwama ndi pepala akalowa m'mudzi chaka cha njala, ndiye kuti akulemba mayina. Ndisanawoloke kamtsinje ndili kale ndi anthu kumbuyo. Amayi a ana kumsana, madala a ndodo, wina wanyamula thumba lopanda kanthu, walipinda bwinobwino m'khwapa. Ndikuti, "Sindikulemba mayina!" Akugwedeza mitu mwaulemu, akunditsatirabe. Mayi wina akuti, "Onse amatero poyamba."

Che Bwanali ndawapeza m'munda wa eni, akupalira. Ntchito ya udalaivala inatha tsiku lomwe chimanga chinamera. Tsopano ndi ganyu, malipiro ake ndi gaga m'kambale. Munthu wamtali, malaya akulendewera ngati apachingwe. Ndikuwafunsa ngati akulola kuti mawu awo atuluke. Athokoza m'chilankhulo cha kwawo, akuti, "Sikomo kwejinji. Chiyambire aka n'koyamba munthu kundifunsa chinthu asanachichite." Avomera. Koma akufuna awonjezere mawu. Akuti lona sanachotse ndi iwo, anachotsa ndi a Matope ndi manja awo, atabwera pambuyo pa galimoto yaing'ono, ndipo iwo Che Bwanali anati chimanga chinyowa, a Matope n'kuyankha kuti chimanga chimauma, simenti siuma.

Ndati lipoti siliwonjezeredwa, linatsekedwa. Akuti ndiye akuvomera theka. Theka lake liti? Akuti ndisankhe ndine.

Anthu onditsatira aja amva zonse. Akhala m'mizere ya chimanga ngati mutchalitchi.

Nyumba ya simenti siyosowa. Yafika pamawindo, pakati pa nyumba za udzu. Ndinati ndingodutsa. Koma lamulo likuti aliyense amene angadziwike ndi zolembedwazo afunsidwe, ndipo ine ndiye ndinauza a Bwana kuti ndichita zonse mwadongosolo. Ndagogoda.

Mayi wa panyumbayo dzina lake ndi Esinati. Ndimayembekeza mkazi wa milomo yofiira ndi wigi. Ndapeza mayi wowonda, akuphika kalongonda, nyemba zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi kuti zisakuledzeretse. Ana atatu akuyang'ana mphika. Wandilowetsa m'nyumba yosafolerayo, watseka chitseko chosakhala ndi felemu.

Amuna ake ali ku Joni. Anapita kalekale, amatumiza mwa apo ndi apo, ndipo akuganiza kuti nyumba ikukwera ndi thukuta lawo. Esinati akuti, "Anti, simentiyo sindinaipemphe. A Matope ndinawapempha ufa. Iwo anabwera ndi simenti." Kenako wagwada. Munthu wamkulu kundigwadira ine wotayipa! Akuti lipotilo likatuluka banja lake latha.

Ndamulonjeza kuti mawu akuti "kwa Kalembo" ndiwadetsa ndi inki yakuda. Wandiyang'ana, wayang'ana pazenera. Panja anthu aja ayimirira mwadongosolo, wa thumba lopinda ali patsogolo.

Chinangwa changa ndasiyira ana. Sindikufuna kulembapo zambiri.

Koma pobwerera ndikudziuza: ana a ku Chikweo nawonso akuyang'ana mphika. Lipoti lituluka. Lituluka basi.

Nsapato yakumanzere yayamba kuseka.

Lachinayi

Kwa Kawinga. Kuno n'kwathu, ndinabadwira kuseri kwa phiri, ndiye ndimati zikhala zophweka. Mkulu wa mpingo, munthu wowerenga, avomera tisanamalize moni.

Moni yekha watenga nthawi yophikira nyemba. Amayi anga ali bwanji, mwendo wawo uja, achimwene anga a ku Nayuchi, mbuzi ija inaswa?

A Namakhwa m'lipoti ananena zinthu ziwiri. Choyamba: ng'ombe zawo ndi zimene zinakoka lole. Chachiwiri: pamene lole inali m'matope, anthu a m'mudzi "anatenga matumba ena". Ndawawerengera motsitsa mawu, ndaphunzirapo ku Balaka. Atseka maso. Akuti iwo sanalankhule ngati Namakhwa, analankhula m'malo mwa mudzi, ndiye ofunika kufunsidwa ndi mudzi.

Ndati lamulo likuti munthu wotchulidwa. Akuti, "Mwana wanga, lamulo silikhala kuno. Ndimakhala kuno ndine."

Aimba belu la tchalitchi, lomwe ndi chitsulo cha gudumu la galimoto. Akhristu abwera. A kumzikiti amva belu pakati pa sabata, aganiza kuti ndi maliro kapena chimanga, abweranso. Asodzi a kunyanja ya Chiuta amene amadutsa ndi madengu atsitsa madengu. Ine pakati, pa benchi, nsapato yoseka ndaibisa kumbuyo kwa inzake.

Akuti sangavomere chimene sanamve. Werengani. Ndati ndiwerenga ndime yawo yokha. Akuti ndime yopanda mutu ndi nsomba yanji? Lole inachedwa kuti mpaka kudzafika kuno mvula itakhwima? Ndati zimenezo ndi za anthu ena. Msodzi wina kumbuyo akuti, "Inali kwa Kalembo, kwa mayi wa simenti, tamva dzulo mu minibasi."

Dzulo! Nkhani yandipitirira panjira, ine ndikulimbana ndi matope.

Zimene mudzi wagwirizana, dzuwa litapendeka:
mawu akuti "anatenga" achotsedwe, alembe "anatola", chifukwa matumbawo anagwa okha;
ena akuti alembe "analipidwa", chifukwa anakankha lole mpaka m'chiuno m'matope ndipo palibe anawathokoza;
mayi wina akuti alembe kuti iye sanapeze kanthu, anafika mochedwa, ndipo dzina lake lilembedwe kuti akadzabwera ena ayambire iye;
shehe akuti mawu onsewo ndi oona, asankhe Mulungu;
a Namakhwa akufuna mayina a ng'ombe zawo alowemo.

Ndafunsa kuti ng'ombezo zili kuti, ndizione. Imodzi anagulitsa mwezi watha kwa ogula a ku Liwonde, pamtengo wa mbuzi. Inzake ikukana kudya, ikungoyang'ana kumsewu. A Namakhwa akuti, "N'chifukwa chake ndikufuna zilembedwe."

Ndawauza kuti sindingasinthe ngakhale chilembo chimodzi. Akuti ndiye abwerenso akuluakulu adzawafunse bwino, ine ndine mwana wa pano, sindingafunse makolo anga zinthu zoterezi. Ine wa imvi m'mutu!

Yankho la kwa Kawinga ndalemba chonchi: avomera, akana, atola.

Azakhali anga andipeza pokwerera. Sanandifunse za lipoti. Andigwira chikwama, achiyesa kulemera kwake, achisiya.

Lachisanu

Ofesi. Ndalowa mutu uli m'mwamba, nsapato nditamanga ndi lamba wa chubu.

Pabenchi ya alendo pali Mayi Matope, avala chitenje chatsopano, abwera ndi malume a ku Utale. Malumewo akufunsa aliyense wodutsa ngati ndi iye anaba ng'ombe zawo. Pakhonde pali a Matope, sakuyang'ana benchi. Abwera ndi munthu wa jekete amene akuti amadziwa malamulo. Kunja kwa mpanda kuli bambo uja wa thumba lopinda. Wachokera kwa Kalembo wapansi! Akuti anaona kuti ndine munthu wolimbikira, ndiye chimanga chikadzatuluka chidzatulukira kwa ine.

A Bwana andiitana. Ndimayembekeza kukalipiridwa, ndinakonzeka kale mayankho, ena ndinayeserera m'bafa. Iwo andipatsa mpando. Andithirira tiyi. Wa shuga!

Akuti, "Mayi, mwagwira ntchito yotamandika. Ine ndimadziwa anthu atatu. Inu mwatipezera ena." Akuwerenga pa zala: mayi a lole, malume, mayi wa simenti, amuna awo a ku Joni, mudzi wonse wa a Namakhwa, Akhristu ndi Asilamu. Aliyense ayenera kulemberedwa, aliyense apatsidwe nthawi yake yoganiza, ndipo wokana ali ndi ufulu wokadandaula kumtunda. Zala zatha, abwereka za dzanja lina.

Ndiye kuti chibonga chimene amafuna kundimenya nacho ndawasemera ndine, ndachipala, ndachipaka mafuta.

Ndati lamulo silikuti wotchulidwa akakana ndiye basi. Likuti timve maganizo awo, kenako tiyeze tokha ngati phindu la anthu ambiri likuposa. Ndipo anthu akudya kalongonda! Ndamenya patebulo, tiyi watayikira pa fayilo. A Bwana akuti ndikunena zoona zokhazokha, ndipo woyezayo ndi iwo, ayeza akalandira mayankho onse olembedwa.

Chabwino. Pali njira ina. Lamulo limalola kutulutsa lipoti utadetsa malo okhudza anthu. Ndatenga cholembera chakuda chonenepa chija, ndadzitsekera.

Ndadetsa a Matope. Ndadetsa Mayi Matope, ngakhale iwo akufuna wailesi. Ndadetsa Kalembo, simenti, nyumba, mayi wina. Ndadetsa theka la Che Bwanali, ndasankha lakumunsi. Ndadetsa "anatenga". Ng'ombe ndazisiya, kenako ndakumbuka kuti kwa Kawinga ng'ombe zokoka zinali ziwiri zokha, aliyense akudziwa mwini wake. Ndadetsa ng'ombe.

Chotsala ndawerenga mokweza: "Lole inanyamuka. Mvula inagwa. Chimanga chinanyowa."

Ndapita nacho kwa a Bwana kuti adinde. Achiyang'ana mbali zonse ziwiri. Akuti mawu akuti "lole" akhoza kuloza mwini lole. Achikhalira.

Mlonda akuti wa thumba uja wagona pansi pa mtengo wa kesha, akuti adikira. Wa thumbayo ndamugulira mandasi awiri. Akuti, "Mwaona, zayamba."

Mawa ndikupita ku Chikweo ndithu. Ndinati Loweruka, ndipo Loweruka ndi mawa. Ndilibe lipoti, koma nkhope ndili nayo.

Loweruka

Msika wa ku Chikweo. Zogulitsa n'zochepa kuposa ogulitsa. Timilu ta matemba, chinangwa chowawa, masamba a maungu, sopo wodula tizidutswa. Anthu akuzungulira, akufunsa mtengo, akupitirira.

Abiti Jafali ndi mayi wamfupi, mpango woyera, mawu ngati a wailesi. Ndinakonza zoti ndinene: pepani, lamulo, dongosolo, tikuyesetsa. Sanandipatse mpata. Andikhazika pa chidebe, akuti, "Mwatopa, mwana wa anthu. Khalani tikuuzeni lipoti lanu."

Andiuza lonse. Balaka, Kalembo, lona, simenti, ng'ombe. Akudziwanso zimene mulibe m'lipoti: mtundu wa galimoto yaing'ono ya a Matope, zimene Mayi Matope anaphwanya Lachiwiri madzulo, dzina la ng'ombe yogulitsidwa. Amayi ogulitsa nawo akuthandizira pomwe aiwala. Wina akuti pali kale nyimbo, atsikana akuimba pamjigo, yoti chimanga chimauma simenti siuma. Aiyamba. Ili ndi kolasi yabwino, ndisaname.

Ndiye kuti lipoti limene ofesi ikulisunga m'kabati ya makiyi awiri ndalifalitsa ndine, maboma awiri, wapansi, ndi ndalama zanga, pofunsa anthu ngati akulola kuti lifalitsidwe.

Ndati ndiye basi, mwadziwa, pempho lanu lakwaniritsidwa. Abiti aseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Kudziwa tinadziwa tsiku lomwe tinamasula thumba. Ife tikufuna pepala la chidindo. Kwa eni chimanga sungapiteko ndi nyimbo."

Kenako afunsa, osakwiya, ngati munthu wofunsa njira: "Onsewo mwawayendera kuwafunsa ngati akulola. Nanga ife amene tinadya chimangacho sititchulidwamo?" Ndatsegula lipoti m'mutu mwanga, tsamba ndi tsamba. Alimo. Akutchedwa "olandira". Olandira safunsidwa.

Ndinafuna kunena kuti Lolemba ndikamenyanso patebulo. Ndangoyang'ana dzanja langa.

Andipatsa thobwa m'kapu ya pulasitiki. Lokoma, lotsekemera bwino. Ndafunsa kuti chimera achipeza kuti chaka chino. Amayi onse aseka. Chimanga chomera chija! Chowola anataya, chomera anayanika, anasinja, ndiye chimera. Akuti boma linawatumizira chimera chaulere, chongofunika ufa wothiramo, ndipo ufawo ndi umene palibe. Ana akumwa thobwa lamadzimadzi m'mawa, thobwa masana. Mwana wa Abiti wamng'ono wakhala pambali pangapa, akuyang'ana kapu yanga. Ndamwa theka, ndanamizira kukhuta.

Ponyamuka Abiti andipatsa kamulu ka matemba, akana ndalama. Akuti, "Inshallah mudzabwera nalo. Koma ulendo winawo musadzere kwa Kalembo."

Nsapato yakumanzere yatsala m'matope pafupi ndi Nselema. Sindinaitsate.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mapazi ali m'beseni la madzi amchere. Akwaya aimba okha, ndipo aphonya poyambira, ndikudziwa.

Lipoti lili m'kabati. Chimanga cha ku Chikweo kulibe. Che Bwanali akupalira. Mayi Matope akuti asamukira ku Utale ndi lole yomwe. Esinati sindikudziwa, ndipo ndikuopa kufunsa.

Mawa nditayipa makalata. Ambiri. Ya mudzi wa a Namakhwa sindikudziwa kuti pamwamba ndilembe dzina la ndani. Riboni ya makina yatha, inki ya chosindikizira yatha, ndiye ndiyambe ndalemba kalata yopempha inki.

Masana foni yalira, nambala yaitali yakunja. Mawu a bambo, aulemu, apansipansi, kumbuyo kukumveka magalimoto ambiri. Akuti ndi amuna ake a Esinati. Nambala yanga awapatsa ndi msuweni wawo woyendetsa kabaza. Akuti amva zinthu, koma iwo si munthu wokhulupirira za m'maminibasi. Amva kuti kwathu kuno tsopano kuli lamulo loti munthu akhoza kupempha kuona pepala la muofesi. Ndi zoona?

Ndayang'ana denga. Ndati ndi zoona, bambo.

Akuti ndiye akupempha lipotilo.

Ndati ndi ufulu wawo, alembe pempho, lidzafikira pa tebulo langa. Koma tisanawapatse tiyenera kuyamba tafunsa anthu otchulidwamo.

"Alipo angati, mayi?"

Madzi a m'beseni azizira. Chala chachikulu chatupa ngati mbatata.

Ndawafunsa kuti akuganiza zobwera liti kumudzi. Akuti pa Khirisimasi, Mulungu akalola.

Ndati asathamange.